Mphaka akadwala kwambiri, ndalama yoyamba ipite koyeza

Munthu angonena mu minibasi kapena ku ofesi kuti dzulo anajomba kuntchito chifukwa anakayezetsa mphaka magazi, mumva ena akuseka mpaka misozi, ena akupukusa mitu kuti ndalama zikachuluka zimapengetsa, ndipo sipalephera wina wonong'ona kuti mphaka wosamalidwa chotero ali ndi ntchito ina yomwe amagwira usiku. Mbali inayo kuli kagulu kochepa koma kolankhula mokweza, komwe kamati mphaka ndi mwana wa m'nyumba, ndiye akadwala palibe zowerengera ndalama, chilichonse chomwe dokotala watchula chichitike basi. Magulu awiriwa akayambana amathera potukwanizana, wina kumutcha mnzake wankhanza, winayo kubweza kuti wotengera zachizungu. Pamene akukanganapo mphakayo ali pansi pa bedi, sanadye kuyambira Lolemba, ndipo palibe amene wafunsa kuti kodi chikumupweteka n'chiyani.

Maganizo anga ndi akuti mphaka akadwala kwambiri, ndalama yoyamba yomwe mwini wake watulutsa m'thumba ipite kofufuza chomwe chavuta, mankhwala abwere pambuyo. Ndikunena izi kwa wolemera ndi wosauka yemwe, makamaka wosauka, poti iyeyo ndi amene sangakwanitse kugula mankhwala olakwika kenako n'kudzagulanso oyenera. Ndikuikapo malire amodzi okha: kuyeza kulikonse kukhale ndi ntchito. Ngati zotsatira zake sizisintha chomwe tichite mawa, kuyezako n'kungovutitsa nyama ndi kumwaza ndalama.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira zoyeza chili m'chibadwa cha mphaka. Galu akadwala amaonetsa, amalira, amatsimphina pamaso panu. Mphaka kuthengo amasaka komanso amasakidwa, choncho akafooka amabisala, ndipo khalidweli sanalisiye ngakhale amagona pa sofa. Pofika tsiku lomwe mwaona kuti wawonda, nthawi zambiri matenda amakhala atamudya m'kati kwa milungu. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Montreal ku Canada anachita kutulutsa ndondomeko yowerengera ululu pankhope ya mphaka, yoyang'ana momwe makutu agonera, momwe maso atsinzinira, kulimba kwa pakamwa, kaimidwe ka ndevu ndi kuwerama kwa mutu, chifukwa ngakhale madokotala enieniwo ankavutika kudziwa kuti mphaka akumva kuwawa. Kuwonjezera apo, zizindikiro zomwe timaziona ndi zomwezomwezo pa matenda osiyana kotheratu. Kukana chakudya, kusanza, kuwonda ndi kungogona zimabwera ndi matenda a impso, a shuga, a chiwindi, njoka za m'mimba, khansa, poizoni, ngakhalenso ulusi womwe wameza posewera pafupi ndi makina osokera. Ndipo nthawi yodikirira ndi yochepa: mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi n'kuyambitsa vuto lachiwiri loopsa kuposa loyamba lija.

Otsutsa oyamba amati n'zochititsa manyazi kuwononga ndalama pa mphaka m'dziko lomwe wodwala amauzidwa kuchipatala cha boma kuti mankhwala atha, akagule yekha ku famase. Mfundoyi si yopepuka, ndipo amene amainena ambiri anagonekapo m'bale wawo pansi mu wodi. Ngati kusankha kuli pakati pa mankhwala a mayi anu ndi magazi a mphaka, palibenso chokambirana, mayi ndiwo oyamba. Komabe, kawirikawiri kusankha sikukhala kumeneko. Ndalama yomwe sinapite kwa a vetenale sipita ku Queens kapena ku Kamuzu Central. Imathera ku mayunitsi, kubetcha mpira kapena kumowa, ndipo sindinamvepo wina akudzudzulidwa kuti wagula kireti pamene zipatala zilibe mankhwala. Komanso palibe amene amaseka mlimi wopita ndi ng'ombe ku dibi kapena mayi wodonthezera nkhuku zake katemera wa chitopa. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'ombe ndi nkhuku zili ndi mtengo pamsika pamene mphaka sagulitsidwa ndipo sadyedwa. Tsono ngati mfundo yeniyeni ndi yakuti chiweto choyenera chisamaliro ndi chokhacho chomwe chingasanduke ndalama, tiinene poyera kuti tiione bwino. Mphakayo tinachita kukamupempha tokha kwa aneba ali kamwana, kuti makoswe asaboole matumba a chimanga, ndipo ntchitoyo waigwira zaka zonsezi. Ngakhale malamulo a dziko lino, kudzera mu Protection of Animals Act, amati kuzunza chiweto popanda chifukwa ndi mlandu, ndipo satchula kuti chiwetocho chikhale chodyedwa.

Otsutsa achiwiri ndi omwe ndimawamvetsa kwambiri, chifukwa mphaka wawo amamufunira zabwino. Iwo amati kuyeza n'kodula kuposa mankhwala, ndiye bwanji osangomubaya jakisoni, akachira achira. Apa ndi pomwe amphaka ambiri amafera m'manja mwa anthu owakonda. Thupi la mphaka wathanzi limatentha pakati pa madigiri 38 ndi 39, kuposa la munthu, choncho womugwira ndi dzanja amangoti watentha thupi, n'kutuma mwana ku golosale kukagula Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol monga chimachitira chathu. Mankhwalawo amawononga magazi mpaka amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo piritsi limodzi la 500 mg ndi lokwanira kumupha. Brufen amaotcha m'mimba ndi kuwononga impso. Mankhwala ena a nkhupakupa opangidwira agalu ali ndi permethrin, yemwe galu samumva n'komwe koma mphaka amamugwetsa n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse. Wogulitsa m'sitolo ya zaulimi sanamuone mphakayo, iye wangomva kuti chiweto chadwala.

Taganizirani mphaka wamwamuna yemwe akungobwererabwerera pamchenga, kunjuta, kulira, osatulutsa kanthu. Pakhomo aliyense anena kuti wadzimbidwa, ndipo amwetsedwa supuni ya mafuta ophikira. Dokotala akangogwira pamimba amapeza chikhodzodzo chodzaza ndi cholimba gwa, chifukwa njira ya mkodzo, yomwe mwa mphaka wamwamuna ndi yopapatiza kwambiri, yatsekeka. Zoipa zomwe zimayenera kutuluka ndi mkodzo zimabwerera m'magazi, mchere wa potassium umakwera mpaka kuimitsa mtima, ndipo zonsezi zimatha m'masiku awiri kapena atatu. Palibe piritsi lomwe lingatsegule njirayo. Pamafunika kumugoneka ndi kulowetsa kapaipi. Kuyeza komwe kwapulumutsa moyo apa ndi dzanja la munthu wodziwa, palibe makina alionse.

Chitsanzo china ndi cha poizoni wa makoswe, chomwe kwathu kuno si chachilendo. Mphaka yemwe wadya chakudya chothira tameki amayamba msanga kutuluka dovu, kunjenjemera ndi kutsegula m'mimba, ndipo mankhwala ake ndi atropine, wobayidwa mwachangu. Koma yemwe wadya poizoni wa mtundu wina uja, woletsa magazi kuundana, amaoneka bwinobwino kwa masiku atatu kapena asanu, kenako n'kufooka nkhama zitayera chifukwa akukha magazi m'kati. Ameneyu amafunika vitamini K1 kwa milungu ingapo. Onse awiri tinena kuti adya poizoni, koma mankhwala a uyu sathandiza uyo. Chimodzimodzi mphaka wokalamba yemwe akumwa madzi ambiri ndi kuwonda: akhoza kukhala ndi shuga, akhoza kukhala ndi impso zotopa, akhoza kukhala ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola. Mukamubaya mwachisawawa mankhwala opha tizilombo ngati gentamicin, kapena opha ululu ali wopanda madzi m'thupi, mumamaliza impso zomwe zinali zikuyesabe.

Phunziro limeneli ife tinaliphunzira kale pa matupi athu. Kale kutentha thupi kulikonse kunali malungo, ndipo anthu tinkameza Fansidar popanda wofunsa. Mu 2010 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti wodwala ayezedwe kaye asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo chaka chotsatira zipatala za m'Malawi zinayamba kugwiritsa ntchito kachipangizo kobaya pachala kaja. Poyamba anthu ankakwiya akabwezedwa opanda LA, koma lero mayi wa kumudzi amadziwa kuti mwana wopezeka alibe malungo ayenera kufufuzidwa chibayo kapena china. Palibe amene amati kuyezako n'kuwononga. Nanga nzeru yomweyi ikukanika bwanji pa nyama yomwe singathe n'komwe kunena kuti mutu ukundiwawa?

Otsutsa achitatu amaloza chala madokotala. Amati ukangolowa pakhomo pawo bilu imakula ngati ili ndi moyo: lero magazi, mawa ekisire, mkuja sikani, ndipo iwe sungadziwe ngati zonsezo n'zofunikadi. Dandauloli lili ndi choona m'kati. Mwini mphaka amafika ali ndi mantha, sadziwa chilankhulo cha labotale, ndipo n'kosavuta kuti avomere chilichonse kapena athawe osabweranso. Yankho lake n'kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mafunso ake ndi osavuta: adokotala, mukuganizira matenda ati? Kuyezaku kukasonyeza kuti alipo tichita chiyani, ndipo kukasonyeza kuti palibe tichita chiyani? Ndi ndalama zomwe ndili nazozi, tiyambe ndi chiti? Dokotala wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa, ndipo amene wakhumudwa nawo wakuuzani kale kuti mukafunsenso kwina. Ngati yankho la funso lachiwiri ndi limodzi mbali zonse, ndiye kuti kuyezako kungadikire. Mwachitsanzo, mphaka wa zaka 16 ali ndi chotupa chachikulu m'mimba, ndipo banja latsimikiza kale kuti opaleshoni silingakwanitse komanso mphakayo sangapirire. Kumugoneka kuti adule kachidutswa kokayeza dzina la khansayo kuthandiza chidwi chathu chokha, iye kumuwonjezera bala.

Pachifukwa chomwechi, kufufuza kumayenera kukwera pang'onopang'ono kuyambira pa zotchipa. Gawo loyamba ndi laulere ndipo lili m'manja mwa mwini wake: wadya liti komaliza, akukodza kangati, wasanza zotani, pali amene anatchera makoswe masiku apitawa, analandirapo katemera. Kavidiyo ka pafoni kosonyeza momwe akupumira kapena kuyendera kamathandiza kwambiri, chifukwa mphaka akafika pamalo achilendo amauma ngati alibe vuto. Kenako pamabwera dontho la magazi loona shuga ndi kuchuluka kwa magazi, mkodzo, chimbudzi, ndi creatinine yemwe amasonyeza momwe impso zikusefera. Zodula zibwere pokhapokha zotchipazi zaloza komwe tiyang'ane. Tivomerezenso kuti zotsatira sizilankhula zokha. Mphaka wamantha shuga wake amakwera kwa kanthawi, ndiye nambala imodzi siyokwanira kumuyambitsa insulin, jakisoni wa matenda a shuga. Creatinine amayamba kukwera impso zitataya kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu zake, kotero nambala yabwino siitanthauza kuti zonse zili bwino. Ndipo kuyeza kwa mphindi khumi kwa kachilombo ka FIV, komwe kanapezeka ku California mu 1986 ndipo ena amakatcha Edzi ya amphaka, kwaphetsa amphaka ambiri popanda chifukwa, poti ena akangopezeka nako amaphedwa. Kachilomboka sikagwira anthu, kamafala kwambiri amphaka aamuna akamalumana pomenyana, ndipo mphaka yemwe ali nako amatha kukhala zaka zambiri ali bwino. Wopezeka nako akhoza kukhala kuti lero akudwala china chake chochizika.

Otsutsa achinayi amati zonsezi ndi za anthu a mu Lilongwe ndi Blantyre, komwe kuli zipatala za ziweto ndi mabungwe oteteza nyama ngati LSPCA ndi BSPCA. N'zoona kuti madokotala a ziweto ndi ochepa m'dziko muno, kuti sukulu yowaphunzitsa ku LUANAR ku Bunda si yakale, komanso kuti alangizi a ziweto a m'madera ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Wa ku Nthalire kapena ku Makanjira sangapeze labotale ya mphaka pafupi. Koma mfundo yanga sikugwa chifukwa cha mtunda. Kufunsa mlangizi kapena kuimbira foni dokotala musanamwetse kanthu ndi kufufuza ndithu. Kusiya kumupatsa mankhwala a anthu sikufuna ndalama. Madzi oyera pafupi, malo ofunda ndi abata, tinsomba towiritsa topanda mchere kuti fungo limukope, kuwerenga mpweya wake akagona n'kudziwa kuti kupitirira 30 pa mphindi kapena kupuma atayasama ndi ngozi, zonsezi zimatheka paliponse.

Ndipo pali chifukwa china chomwe wa kumudzi sayenera kunyozera mphaka wodwala, chomwe chimakhudza ana ake. Chiwewe chilipo m'dziko muno. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera mu Blantyre kuyambira 2015. Ambiri amadziwa za galu, koma mphaka nayenso amatenga. Mphaka yemwe wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akulephera kumeza kapena akuluma popanda chifukwa si woti mwana amutsegule pakamwa kufuna kuchotsa fupa. Atsekeredwe, a zaziweto adziwitsidwe. Amene walumidwa kapena kukandidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro zikangoyamba mwa munthu palibenso mankhwala. Matendawa amatsimikizika poyeza ubongo chiwetocho chitafa, ndiye kukwirira mphaka wotere mwakachetechete kuseri kwa nyumba n'kukwirira yankho lomwe adokotala a mwana wolumidwayo akanalifuna.

Tsopano nditembenukire kwa a mbali ina ija, omwe amati chitani chilichonse. Ali ndi mfundo imodzi yamphamvu: matenda omwe dzulo analibe mankhwala lero akhoza kukhala nawo. FIP, matenda omwe nthawi zambiri amadzaza madzi m'mimba kapena m'chifuwa mwa amphaka aang'ono, kwa zaka zambiri anali chiweruzo cha imfa. Mu 2019 Niels Pedersen ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Davis anafalitsa zotsatira za mankhwala a GS-441524, m'bale wake wa remdesivir yemwe tinamumva nthawi ya Covid-19: mwa amphaka 31 omwe anayamba kulandira, 25 anachira n'kukhala moyo. Choncho munthu asafulumire kunena kuti palibe chochita asanafunse wodziwa. Koma nkhani yomweyi ikusonyezanso kufunika koyeza, chifukwa mankhwalawa ndi odula, amaperekedwa tsiku ndi tsiku kwa milungu 12, ndipo mimba yotupa madzi imabweranso ndi matenda a mtima, a chiwindi ndi khansa. Kuitanitsa mankhwala otere kuchokera kunja mongoganizira n'kulakwa komwe kuja kwa Panado, kungoti kwa ndalama zambiri.

Pomwe ndimasiyana nawo kwenikweni ndi pa funso la nthawi yosiya. Matenda a impso, omwe ndi ofala mwa amphaka okalamba, madokotala amawagawa m'magawo anayi. Wopezeka pa gawo lachiwiri akhoza kukhala zaka ndithu ngati asinthiridwa chakudya kukhala chochepa mchere wa phosphorous, akumwa madzi okwanira ndipo akuyezedwa mwa apo ndi apo. Pa gawo lachinayi nkhani imakhala ya milungu kapena miyezi yochepa, ndipo impso zowonongeka sizimeranso. Diripi imamutsitsimula masiku angapo, kenako amabwerera pomwe anali: nseru, zilonda m'kamwa, kuzizidwa, kukhala pambali pa mbale ya madzi osamwa. Munthu wodwala amapirira jakisoni chifukwa akudziwa kuti akufuna kudzaona mdzukulu akukwatira. Mphaka sadziwa za mawa. Chomwe akudziwa n'chakuti lero amugwira mwamphamvu, amuika m'bokosi ndipo amubayanso. Choncho ngati sakudya yekha, wasiya kudzinyambita, sakutha kufika pamchenga ndipo akuthawa anthu omwe ankawakonda, kupitiriza kumakhala kotonthoza mtima wathu ife. Apa kuyeza kumagwira ntchito yake yomaliza, yomwe anthu saiyamikira: kumamuuza mwini wake kuti sakutaya mphaka yemwe akanachira, ndipo kumamuchotsera mlandu womwe ukanamusowetsa tulo.

Ena safuna kumva za jakisoni wogonetsa mpaka kalekale, amati moyo mwini wake ndi Mulungu. Chikhulupiriro chimenecho ndimachilemekeza, ndipo amene wasankha kumusamalira kunyumba mpaka mapeto apemphe mankhwala oyenera a ululu ndi nseru kwa dokotala. Chomwe sindingavomere ndi zomwe zimachitika m'malo mwake nthawi zambiri: mphaka kuikidwa m'thumba n'kukatayidwa kumtsinje, kapena kusiyidwa kumsika wakutali kuti akafere komwe sitikuona. Jakisoniyo ndi mankhwala ogonetsa operekedwa mopyola muyeso. Mphaka amagona kaye, mtima n'kuima pasanathe mphindi zochepa, ndipo mwini wake amaloledwa kukhala pomwepo akumusisita. Jakisoni ameneyu nayenso amalipiridwa, ndipo pali mabanja omwe amafika tsikulo ndalama zonse zitathera ku madiripi. N'chifukwa chake mtengo wake ndi woyenera kuufunsa pa ulendo woyamba womwewo, pamodzi ndi wa magazi ndi mkodzo, kuti pogawa ndalama zomwe zilipo yake ipatulidwiretu.